Filosofi: Mafunso Amene Anakana Kutha

Filosofi ndi phunziro limene limafufuza mafunso a pansi penipeni okhudza dziko, nzeru ndi moyo wa munthu, ndipo chida chake ndi kulingalira komanso kutsutsana kwa mfundo, popanda kudalira mphamvu ya mfumu, ya mwambo kapena ya buku lopatulika kuti igamule nkhani. Mabuku a kusukulu amakonda kuligawa m'nthambi zisanu kapena zisanu ndi imodzi zoyalidwa bwino, ngati kuti wina anakhala pansi tsiku lina n'kulemba malire ake, koma mbiri imasonyeza kuti nthambizo zinabadwira m'mikangano ya aphunzitsi ndi ophunzira awo, ndipo malire ake akhala akusuntha kwa zaka zoposa 2,500. Chimene chimasunthitsa malirewo n'chakuti funso likangopeza njira yodalirika yoliyankhira, kaya ndi kuyeza, kuwerengera kapena kuyesa mobwerezabwereza, limachoka m'filosofi n'kukakhala sayansi payokha, monga mmene mbumba ikachuluka imasamukira m'mudzi wa makolo kukakhazikitsa mudzi wake ndi nyakwawa yake. M'filosofi mumatsala mafunso amene sikelo singawayeze.

Umboni wa kusamukaku uli pa zikuto za mabuku. Buku la Isaac Newton la mu 1687, limene linafotokoza malamulo a kayendedwe ka zinthu ndi mphamvu imene imakokera zinthu pansi, linatchedwa m'Chilatini Philosophiae Naturalis Principia Mathematica, kusonyeza kuti mwini wake ankadziona ngati wochita filosofi ya chilengedwe, pamene lero ntchitoyo imaphunzitsidwa m'kalasi ya fizikisi. Adam Smith, amene buku lake la The Wealth of Nations la mu 1776 limatengedwa ngati maziko a maphunziro a zachuma, anali pulofesa wa filosofi ya makhalidwe pa yunivesite ya Glasgow. Maphunziro a kaganizidwe ka munthu, otchedwa saikoloje, anatuluka mochedwerapo, pamene Wilhelm Wundt anatsegula labotale yake ku Leipzig mu 1879. Amene amanena kuti filosofi siyenda amaiwala kuti paliponse pamene yayenda n'kufika, anthu amaipatsa dzina lina.

Nthambi imene inayamba kuonekera pakati pa Agiriki ndi metafiziki, imene imafunsa kuti chimene chilipodi n'chiyani kuseri kwa zimene maso amaona. Thales wa ku Miletus, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja m'dziko limene lero ndi Turkey, anaphunzitsa m'zaka za m'ma 500 BC, ndiko kuti Khristu asanabadwe, kuti zinthu zonse zinachokera ku madzi. Yankholo linali lolakwika, koma chachilendo chinali mtundu wake, pakuti munthu akanatha kulitsutsa ndi mfundo popanda kunyoza mulungu aliyense, ndipo Anaximander ndi Anaximenes, a mumzinda womwewo, sanachedwe kulitsutsa, wachiwiriyo akunena kuti chiyambi cha zonse ndi mpweya. Heraclitus wa ku Ephesus anati zinthu zonse zimasintha osalekeza, pamene Parmenides wa ku Elea, kumwera kwa Italy, anati kusintha n'kosatheka, chifukwa chimene chilipo sichingachokere ku chimene kulibe, ndipo ngati maso akuona kusintha ndiye kuti maso akunama. Democritus anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi ponena kuti dziko linapangidwa ndi tizidutswa tosagawika ndi tosasintha, totchedwa maatomu, timene timangosinthana malo. Mbali ya funsoli yokhudza maatomu inapita ku sayansi, koma funso lakuti n'chifukwa chiyani munthu wa zaka 70 amatchedwa yemweyo amene anali khanda, pamene thupi ndi maganizo ake zasinthiratu, likadali m'manja mwa afilosofi.

Socrates wa ku Athens ndiye anatembenuza nkhope ya filosofi kuichotsa ku nyenyezi ndi madzi kuti iyang'ane munthu. Sanalembe buku lililonse, ndipo ntchito yake inali kuimitsa anthu pamsika n'kuwafunsa tanthauzo la zinthu zimene ankati amazidziwa, monga chilungamo, kulimba mtima ndi kuopa milungu, mpaka wofunsidwayo atadzitsutsa yekha pamaso pa achinyamata omvetsera. Akuluakulu ochititsidwa manyazi chotere sakhululuka msanga. Mu 399 BC, ali ndi zaka pafupifupi 70, anaimbidwa mlandu wosalemekeza milungu ya mzindawo ndi wosocheretsa achinyamata, ndipo anaphedwa pomwetsedwa chiphe, atakana mwayi wothawa umene anzake anamukonzera. Wophunzira wake Plato, amene anakhazikitsa sukulu yotchedwa Academy cha m'ma 387 BC, anafika pa mfundo yakuti chilungamo chenicheni sichingapezeke m'makhoti a mzinda wotere, monganso mzere wozungulira wangwiro sungajambulidwe ndi dzanja la munthu ngakhale maganizo amaudziwa bwino lomwe. Iye anati pali dziko la zitsanzo zangwiro zosasintha, limene limafikirika ndi kulingalira kokha, ndipo zooneka ndi maso zimangotengerako pang'ono. Aristotle, amene anakhala pa sukuluyo zaka pafupifupi 20, anakana kugawa dziko pawiri chotere, nati chimene chimapangitsa kavalo kukhala kavalo chili mwa kavaloyo, ndipo wofuna kuchidziwa aziyang'anitsitsa nyamayo. Iye mwini anatumbula nsomba ndi zamoyo zina za m'nyanja pa chilumba cha Lesbos, asanatsegule sukulu yake ya Lyceum mu 335 BC.

Aristotle yemweyu ndiye anayala maziko a lojiki, nthambi imene imasiyanitsa kulingalira kolondola ndi kosalondola poyang'ana kamangidwe ka mfundo, mosatengera nkhani imene ikukambidwa. Wina akanena kuti mbalame zonse zimauluka, ndipo nthiwatiwa ndi mbalame, choncho nthiwatiwa imauluka, kamangidwe ka mfundo zake kali bwino, koma mathero ake ndi abodza chifukwa mfundo yoyamba ndi yabodza. Wina akanena kuti odwala malungo onse amatentha thupi, ndipo mwana uyu watentha thupi, choncho ali ndi malungo, mfundo zake zikhoza kukhala zoona koma kamangidwe kake n'kophwanyika, pakuti kutentha thupi kumadza ndi matenda ambiri. Kusiyanitsa zolakwika ziwirizi ndi luso limene woweruza, dokotala ndi mtolankhani amalifuna tsiku ndi tsiku. Lojiki ya Aristotle inalamulira masukulu kwa zaka zoposa 2,000, kufikira pamene Gottlob Frege wa ku Germany anailemba mwatsopano ndi zizindikiro zonga za masamu mu 1879, ndipo kuchokera m'njira imeneyo Alan Turing anafotokoza mu 1936 makina a m'maganizo amene anakhala maziko a kompyuta. Kugawa filosofi mwadongosolo kunatchuka ndi gulu la Asitoiki, lokhazikitsidwa ndi Zeno wa ku Citium cha m'ma 300 BC, limene linkati mbali zake ndi zitatu, lojiki, chilengedwe ndi makhalidwe. Pakati pa otsatira ake otchuka panali Epictetus, amene anabadwa kapolo, ndi Marcus Aurelius, mfumu ya Roma.

Nkhaniyi ikamakambidwa ngati ya Agiriki okha imakhala yoperewera, pakuti m'nyengo yomweyo mafunso ofanana ankakambidwa ku China ndi ku India popanda kumva za Athens. Confucius, amene anakhala kuyambira mu 551 mpaka mu 479 BC, anaphunzitsa kuti dziko limayenda bwino pamene wolamulira atsogolera ndi khalidwe lake, ndipo mwambo ndi ulemu wa pabanja ndizo sukulu ya khalidwelo. Otsatira ake anagawanika pa funso la chibadwa cha munthu. Mencius anati munthu amabadwa ndi mbewu za ubwino, ndipo umboni wake unali wakuti aliyense woona kamwana katatsala pang'ono kugwera m'chitsime amadzidzimuka ndi chifundo asanaganize za mphotho kapena za kutamandidwa. Xunzi anati chibadwa n'chokhota, ndipo ubwino ndi ntchito ya maphunziro ndi mwambo. Mozi anatsutsa gulu lonselo, nati munthu azisamalira anthu onse mofanana osakondera abale, ndipo anadzudzula maliro owononga chuma ndi nthawi yolima, nkhani imene mabanja ambiri ogula bokosi pa ngongole angaizindikire ngakhale lero. Ku India, sukulu ya Nyaya inatchula magwero anayi a chidziwitso, amene ndi kuona ndi maso kapena kumva ndi ziwalo zina, kulingalira kuchokera pa chizindikiro monga kudziwa kuti paphiri pali moto chifukwa cha utsi, kufanizira, ndi mawu a mboni yodalirika. Gwero lachinayili n'lofunika kuliganizira, popeza zambiri zimene munthu amati amazidziwa, kuphatikizapo tsiku lake lobadwa, anachita kuuzidwa.

Njira imene nzeru za Agiriki zinafikira ku Ulaya wa m'zaka zapakati inadzera kumpoto kwa Africa ndi m'mayiko a Chisilamu. Augustine, amene anabadwira ku Thagaste m'dziko limene lero ndi Algeria mu 354 n'kudzakhala bishopu wa ku Hippo, analumikiza maganizo a Plato ndi Chikhristu, ndipo analimbana ndi funso lakuti choipa chinachokera kuti ngati Mlengi ndi wabwino. Ku Baghdad, kuyambira m'zaka za m'ma 800, mabuku a Aristotle anamasuliridwa m'Chiarabu, ndipo Ibn Sina, amene anamwalira mu 1037, anamanga pa iwo filosofi yakeyake kwinaku akulembanso buku la zamankhwala limene linagwiritsidwa ntchito ku Ulaya kwa zaka mazana ambiri. Al-Ghazali anatsutsa afilosofiwa ndi chitsanzo cha thonje ndi moto: maso amaona thonje likupsa moto ukalikhudza, koma saona chomangira chimene chimakakamiza kuti lipse, choncho palibe umboni wakuti motowo pawokha ndiwo ukuchita zimenezo. Ibn Rushd wa ku Cordoba anamuyankha kuti wokana mgwirizano wa choyambitsa ndi chotsatira wakana nzeru yonse, ndipo ndemanga zake pa Aristotle, zitamasuliridwa m'Chilatini, zinafika m'manja mwa Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274.

Episitemoloje, nthambi yofunsa kuti kudziwa n'kutani ndipo munthu angatsimikize bwanji kuti akudziwadi, inakhala patsogolo pa zonse kuyambira nthawi ya René Descartes wa ku France. M'buku lake la Meditations la mu 1641 iye anasankha kukayikira chilichonse chotheka kukayikiridwa, kuyambira zimene maso amaona, popeza nthawi zina amanyenga, mpaka masamu, ndipo anapeza kuti chimodzi chokha sichikayikirika, chimene ndi kukhalapo kwa iye amene akukayikirayo. Kuchokera pamenepo anati maganizo ndi thupi ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu, china choganiza chopanda malo, china chotenga malo koma chosaganiza. Elisabeth, mwana wa mfumu ya ku Bohemia, anamulembera kalata mu 1643 kumufunsa kuti chinthu chopanda malo chingasunthe bwanji dzanja, ndipo mayankho a Descartes sanamukhutiritse, monganso sakhutiritsa owerenga ambiri mpaka lero. Mmodzi mwa amene anapitiriza mtsutsowu anali Anton Wilhelm Amo, wobadwira kufupi ndi Axim m'dziko limene lero ndi Ghana, amene anatengedwa kupita ku Ulaya ali mwana, nalandira digiri ya udokotala wa filosofi ku Wittenberg mu 1734, n'kudzaphunzitsa ku Halle ndi ku Jena. Iye anati kumva ululu kapena kutentha ndi kwa thupi lamoyo, ndipo maganizo amangozindikira, samva.

Ku Britain, John Locke anati maganizo a khanda alibe chilichonse cholembedwamo ndipo chidziwitso chonse chimalowera m'zimene munthu wakumana nazo. David Hume wa ku Scotland anaitsatira mfundoyi mpaka pamene inayamba kuopsa. Mofanana ndi al-Ghazali, ngakhale pa zifukwa zina, anati palibe amene anaonapo mphamvu yolumikiza choyambitsa ndi chotsatira, ndipo kuyembekeza kuti mawa zinthu ziyenda monga dzulo ndi chizolowezi chabe, chifukwa umboni wokhawo wakuti tsogolo limafanana ndi kale ndi wakuti kale zinkatero, umene ndi umboni wodzizungulira wokha. Immanuel Kant wa ku Königsberg anayankha mu 1781, m'buku la Critique of Pure Reason, kuti maganizo salandira dziko ali chete, koma amaliumba ndi zikombole zawo, monga nthawi, malo ndi choyambitsa, kotero munthu amadziwa dziko monga limaonekera kwa iye, osalidziwa monga lilili palokha. Mkangano wa tanthauzo la kudziwa sunathere pomwepo. Mu 1963 Edmund Gettier wa ku America, m'nkhani ya masamba atatu okha, anagwedeza tanthauzo lakale lakuti kudziwa ndi kukhulupirira chinthu choona uli ndi chifukwa chomveka. Chitsanzo cha mtundu womwewo anali atachipereka kale Bertrand Russell: munthu ayang'ana wotchi ya pakhoma ikuloza 12 koloko, ndipo nthawi ilidi 12 koloko, koma wotchiyo inaima dzulo pa ola lomwelo. Chimene akukhulupirira n'choona, chifukwa chake n'chomveka, komabe palibe anganene kuti akudziwa nthawi.

Nthambi ya makhalidwe, yofunsa chimene chimapangitsa ntchito kukhala yabwino kapena yoipa, ndiyo imagwira munthu wamba pafupi kwambiri. Kant anapereka chitsanzo cha munthu amene ali pa mavuto n'kupempha ngongole, akulonjeza kubweza pamene mumtima akudziwa kuti sadzabweza. Muyeso wake ndi kufunsa ngati wochitayo angafune kuti njira yakeyo ikhale lamulo la anthu onse, ndipo yankho n'lakuti sangafune, popeza aliyense atamatero palibe angakhulupirire lonjezo, ndipo bodza lakelo silingagwirenso ntchito. Anawonjezera kuti munthu asatengedwe ngati chipangizo chabe chokwaniritsira zofuna za wina. Jeremy Bentham ndi John Stuart Mill a ku England anayeza ntchito ndi zotsatira zake, nati yabwino ndi imene ikuchulukitsa chimwemwe ndi kuchepetsa mavuto kwa onse okhudzidwa. Mbali iliyonse ili ndi pophunthwira pake. Kant anafika ponena, mu 1797, kuti n'kulakwa kunamiza ngakhale chigawenga chofunsa kumene kwabisala mnzako, mfundo imene ndi ochepa angaivomere, pamene kuwerengera chimwemwe kungalole kupondereza munthu mmodzi wosalakwa ngati khamu lipindula. N'chifukwa chake afilosofi ambiri, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, anabwerera kwa Aristotle, amene ankafunsa za mtundu wa munthu woyenera kukhala, nati khalidwe labwino limaphunziridwa pochita mobwerezabwereza ndipo limakhala pakati pa mbali ziwiri zonyanya, monga kulimba mtima kuli pakati pa mantha ndi kudziponya pangozi mosaganiza.

Filosofi ya ndale imafunsa chifukwa chimene munthu ayenera kumvera boma. Thomas Hobbes, polemba Leviathan mu 1651 dziko lake lili m'nyengo ya nkhondo ya pachiweniweni, anati popanda wolamulira wamphamvu anthu angadyane okhaokha, pamene Locke anati boma limakhalapo mwa chilolezo cha olamulidwa ndipo likaphwanya ufulu wawo ali ndi mphamvu yolichotsa. Mary Wollstonecraft anafunsa mu 1792 chifukwa chimene ufulu wolalikidwawo unkathera pa amuna, Karl Marx anafunsa phindu la ufulu wa papepala kwa wantchito amene alibe china chogulitsa koma mphamvu zake, ndipo John Rawls mu 1971 anati malamulo achilungamo ndi amene anthu angasankhe asanadziwe ngati adzabadwa olemera kapena osauka. Mbiri ya nthambiyi ili ndi zipsera zosayenera kubisidwa: Locke anali ndi masheya m'kampani ya Royal African Company imene inkagulitsa akapolo, ndipo Hume ndi Kant analemba mawu onyoza nzeru za anthu akuda, Amo ataphunzitsa kale m'mayunivesite a ku Germany. Palinso esitetiki, nthambi ya kukongola ndi luso, imene inalandira dzina lake kwa Alexander Baumgarten m'zaka za m'ma 1700, ngakhale funso lake, lakuti kukongola kuli m'chinthu kapena mwa wochiona, ndi lakale kwambiri.

M'mayunivesite a ku Africa mkangano waukulu unabuka pa buku la Placide Tempels, wansembe wa ku Belgium amene ankagwira ntchito pakati pa Aluba ku Congo, lotchedwa Bantu Philosophy, la mu 1945, limene linati anthu a zinenero za Chibantu amaona chilichonse ngati mphamvu ya moyo yotha kukula kapena kuchepa. Paulin Hountondji wa ku Benin anatsutsa kuti kusonkhanitsa zikhulupiriro za mtundu wonse n'kuzitcha filosofi ndi kuchepetsa Aafirika, ngati kuti onse amaganiza chimodzimodzi ndipo palibe wotsutsa mnzake. Henry Odera Oruka wa ku Kenya anapita kumidzi kukacheza ndi akuluakulu anzeru, nasonyeza kuti ena mwa iwo sankangobwereza mwambo koma ankauyesa ndi kuutsutsa, pamene Kwasi Wiredu wa ku Ghana analimbikitsa kuti mafunso a filosofi aziyesedwanso m'zinenero za ku Africa, kuti zioneke ngati vuto lili m'chinthu chenichenicho kapena m'chinenero cha ku Ulaya chimene linafunsidwiramo. Didier Kaphagawani wa pa yunivesite ya Malawi anatsata njira yotere pofufuza tanthauzo la munthu pogwiritsa ntchito Chichewa ndi miyambi yake, ndipo anadzudzula chizolowezi chonenera Africa yense mfundo imodzi.

Funso la umunthu ndi pamene metafiziki, makhalidwe ndi ndale zimakumana poyera. Mwambi wakuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu umaika munthu pakati pa anzake, ndipo Achewa akamanena za wankhanza kuti uyu si munthu sakana kuti anabadwa kwa mayi, koma akugamula za khalidwe lake. Ifeanyi Menkiti wa ku Nigeria anati mu 1984 kuti m'kaganizidwe ka Chiafirika umunthu umachita kupezedwa pamene wina akukula ndi kukwaniritsa udindo wake pagulu, kotero n'zotheka kuulephera. Kwame Gyekye wa ku Ghana anayankha kuti gulu limaumbadi munthu, koma pali ulemu umene aliyense amabadwa nawo, umene gulu silinapereke ndipo silingalande. Kusiyanaku kumaonekera pamsika pamene khamu lagwira woganiziridwa kuba n'kuyamba kufuula kuti ameneyu si munthu, ena akufunafuna matayala ndi petulo. Malamulo aakulu a dziko la Malawi a mu 1994 anaima kumbali ya Gyekye pa nkhaniyi, pakuti gawo 19 limateteza ulemu wa munthu aliyense popanda kufunsa za khalidwe lake, ndipo gawo 42 limapatsa wogwidwayo ufulu wokaonekera kukhoti ndi kutengedwa ngati wosalakwa kufikira mlandu wake utatsimikizika.